Woimba Bangwe M'nyumba Yosungiramo Zakale

Lero tiyambe taleka za mbeu ndi nkhokwe, tikambe za munthu amene amaimba yekha, nasimba nthano pomwepo, pamaso pa alendo m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zosemasema.

Nyumba zotere zilipo m'dziko mwathu muno. Ya pa Chichiri ku Blantyre inatsegulidwa m'caka ca 1966. Ku Mua, m'boma la Dedza, kuli malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayamba mu 1976, ndipo kumeneko asungako zosema ndi zojambula zambiri. Koma coimbira cikaikidwa m'bokosi la galasi cimangokhala cete, mlendo naona thabwa ndi waya basi. Ndico cifukwa cace nyumba zotere m'maiko ambiri zimaitana mmisiri kuti adzaimbe, anthu amve ndi makutu ao.

Tsono titenge citsanzo ca bangwe. Coimbira cimeneci ndi thabwa lafulati, loboola timabowo ku nsonga zonse ziwiri. Mmisiri amatenga waya mmodzi wamtali namlowetsa m'mabowomo uku ndi uku, kufikira patakhala nsambo, kawirikawiri 7. Pansi pa nsambozo amapanapo timitengo kuti zisakhudze thabwa. Nsonga imodzi ya thabwalo amailowetsa m'cipanda kapena m'citini kuti mau akule. Poimba, cala ca dzanja limodzi cimakwapula nsambo zonse, pamene zala za dzanja linalo zimagwira nsambo zosafunika kuti zisalire.

Kodi nanga munthu mmodzi angasangalatse bwanji khamu? Kumudzi wosimba nthano sakhala yekha, pakuti ana amabvomera kuti "Tili tonse," ndipo ikafika nyimbo onse amathira mang'ombe. Koma m'nyumba ya alendo mulibe odziwa nyimboyo. Pamenepo nsambo ndizo zimabvomera m'malo mwa anthu: iye akatula mau, zala zimayankha. Mmisiri wocenjera amayamba waphunzitsa alendowo mau awiri kapena atatu obvomerera, kuti nao akhale m'kati mwa nthano. Nyimbo saiika paliponse ai. Amaiika pamene nkhani yafika pobvuta, monga pamene mwana wamasiye ali m'manja mwa cirombo, kuti omvera adikire ndi mtima m'mwamba.

Oimba bangwe sanali ongoseketsa. Ankadzudzula ulesi, kuledzera ndi nkhanza, ndiponso ankadandaula za machona, amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare osalemba ngakhale kalata. Zimene munthu sakanatha kunena pa bwalo, woimba ankazinena, ndipo wolakwa ankadzimva yekha.

Alendo anazindikira kale mtengo wa luso limeneli. Hugh Tracey anayendera dziko lino mu 1950 ndi mu 1958 najambula mau a oimba m'midzi. Mu 1954 anakhazikitsa nyumba yosungira nyimbo za mu Africa, yochedwa International Library of African Music, imene inasamukira ku Rhodes University ku South Africa mu 1978. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anabadwa mu 1947 namwalira mu 1987, anakomana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria mu 1967, ndipo pambuyo pace gitala lace linamveka mpaka ku Ulaya. Koma makina amasunga mau okha. Zala za mmisiri sangazisunge. Nkhalamba ikamwalira osaphunzitsa mwana, luso lija lapita nayo kumanda.

Tsono inu anyakwawa, tikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, dziwani oimba bangwe, kaligo ndi kalimba a m'mudzi mwanu, ndipo nchito ya kumunda ikacepa, pambuyo pokolola, apatseni malo pa bwalo madzulo kuti anyamata aonere ndi kuphunzira. Caciwiri, mlendo akafuna kugula coimbira ca nkhalamba, musalole kuti cicoke m'mudzi cina cisanasemedwe. Ndalama zimatha sabata imodzi, koma mudzi umakhala cete zaka. Cacitatu, wina akafuna kujambula mau kapena kutenga woimba wanu kukaimba kutauni, pakhale pangano lolembedwa pamaso pa mfumu, lonena za malipiro, ulendo ndi kumene mauwo adzapite. Lamulo la mu 2016 limateteza nyimbo ndi nthano za makolo, ndipo bungwe la COSOMA, limene linayamba mu 1992, ndilo liyang'anira za malipiro a oimba.

Mbeu yabwino mumaisunga padera kuti mudzabzale caka camawa. Citani comweco ndi oimba anu.