Kamvedwe ka Ndakatulo

Anzanga ambiri akaona ndakatulo pa mayeso mtima umangoti myuu. Komatu ife a kuno ku Chigwa tinayamba kumva ndakatulo tili kumsana, pamene amayi anali kusinja mapira.

Wopeka ndakatulo ndiye mlakatuli. Mawu ake amawayala m'mizere, ndipo mizere ingapo ikakhala pamodzi timati ndime. Tsono taonani mizere iwiri imene ndinapeka pokumbukira madzi osefukira a mu 2015 ku Nsanje:

Shire anadza ngati mbala usiku,
Nyumba zathu zinangoti gumu!

Mzere woyambawo uli ndi chifanifani, pakuti mawu akuti "ngati" akufanizira mtsinje ndi wakuba. "Gumu" ndi mvekero: khoma mukulimva likugwa. Mukafunsidwa, musangotchula dzina la chipangizocho, koma nenaninso ntchito yake. Bwanji mbala, osati mkango? Chifukwa madziwo sanabangule, anatipeza tili m'tulo.

Angerezi amakonda kuti mizere izithera mofanana. Kwa ife zimenezo n'zapafupi, poti mawu athu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u. Mphamvu yathu ili m'kubwereza, monga aja opalasa bwato, wina kutsogolera, ena kuvomera. N'chifukwa chake ine ndimawerenga ndakatulo mokweza kawiri ndisanagwire cholembera, koma m'chipinda cha mayeso ndimachita monong'ona.