Chisanu cha ku Chadiza: Mkulu Patsogolo, Mphwake Pambuyo

Mwezi wa Juni ukafika ku Chadiza, boma la m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia lomwe lachita malire ndi Mozambique, mwana sadzuka mwachisawawa. Mbandakucha kumazizira mpaka chapafupi ndi madigiri 10, ndipo amayi akangosonkha moto, ana amauzinga manja ali tambetambe, kudikira mbatata yokwiriridwa m'phulusa. Koma dzuwa likangoti phwee, simungawapezenso pakhomo.

Nyengo imeneyi chimanga chimakhala chili m'nkhokwe, mtedza wakumbidwa, minda yatsala mapesi okhaokha. M'midzi ya mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, mindayo imasanduka bwalo la anyamata. Loweruka m'mawa mudzaona mnyamata wa zaka 12 khasu lili paphewa, pambuyo pake mphwake wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi akuthamangira, kathumba kali m'manja, milomo itauma ndi mphepo. Ulendo wake ndi wa ku mbewa.

Kukumba mbewa ndi luso, ndipo mphunzitsi wake ndi mkulu wako. Iye ndiye amadziwa kusiyanitsa una wokhalamo mbewa ndi wakale: amayang'ana dothi latsopano pakhomo pake ndi timakoko ta mtedza. Amadziwanso kuti mbewa imakhala ndi kabowo kena kothawirako, choncho asanagwetse khasu amaika mphwake pamenepo. "Khala apa, usaphethire!" Wamng'onoyo amanjenjemera, theka ndi chisanu, theka ndi mantha kuti akaiphonya mawa amusiya kunyumba. Pamenepa ndi pomwe amamva koyamba mayina a mbewa onga kapuku ndi mende, ndi pomwenso amalandira lamulo lalikulu: dzanja salowetsa mu una, poti njoka nazo zimabisala momwemo. Madzulo mbewazo zimaphikidwa ndi mchere, n'kuumitsidwa pampani, ndipo kamnyamata komwe kanagwira imodzi yokha kamadya nsima ngati mlenje wotchuka.

Masewera ena ndi a pabwalo: galimoto za mawaya, nguli, nsolo, ndi mpira womanga ndi mapepala a pulasitiki, omwe ambiri ku Zambia amautcha chimpombwa. Wamng'ono amayamba ndi kutola mpira ukagwera kutchire, kenako amamuika pagolo. Kudambo, koweta ng'ombe, amaumba ng'ombe zadothi n'kumazigundanitsa.

Amakangana ndithu, nthawi zina mpaka misozi. Komabe mwana wina wa m'mudzi akangomukankha wamng'onoyo, mkulu amaimirira nthawi yomweyo: "Ameneyu ndi mphwanga." Pakati pa Achewa, pomwe mbumba imayang'aniridwa ndi malume, mawuwa ndi olemera. Mnyamata amene lero akubereka mphwake wotopa pochokera kumunda, mawa ndiye adzasamale ana a alongo ake. Udindo umenewu amayamba kuuzolowera ali kabudula wong'ambika, palibe n'komwe womuuza kuti akuphunzira. N'chifukwa chake kholo lotsekera ana m'nyumba nyengo yonse poopa mphepo limawamana chinthu chachikulu.

Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, ana ambiri amakhala kusukulu mkati mwa sabata, ndipo temu yachiwiri imagwa pakati penipeni pa chisanu. Zosewera zimadikira masana, Loweruka ndi tchuthi cha mu Ogasiti, mwezi womwe Achewa amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Chodetsa nkhawa ndi moto. Pofuna kuti mauna aoneke, anyamata ena amayatsa tchire, ndipo udzu wouma ukakumana ndi mphepo ya mwera, moto suyang'ana kuti uwu ndi munda, iyi ndi nkhokwe. Umapsereza mapesi omwe akanaolerana n'kubwezera chonde m'nthaka, komanso udzu wofolera nyumba. Kunyumba nako, mwana wokwawa amene wasiyidwa pafupi ndi mbaula akhoza kupsa m'kamphindi, ndipo makala oyaka m'chipinda chotseka mazenera amatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha anthu ali mtulo. Chifuwa nachonso sichachibwana nyengo ino: mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, chikhoza kukhala chibayo, ndipo ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Mu Juni boma limachititsanso Sabata ya Umoyo wa Ana, pomwe ana osakwana zaka zisanu amalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba.

Usiku banja limabwereranso pamoto. Agogo akati "Padangotero," ana amavomera "Tili tonse," ndipo nthano isanathe wamng'ono uja amakhala atagona pamwendo pa mkulu wake, mapazi ali mbuu.

Makolo a ku Chadiza, alekeni anyamata apite kumunda ndi khasu lawo. Muvekeni juzi wamng'onoyo, ndipo machesi atsale kunyumba.