Kuzungulira wapansi zilumba za Likoma ndi Chizumulu

Kwa anthu a m'boma la Chadiza, amene anazolowera minda yotambalala ya chimanga, mtedza ndi mpendadzuwa, zilumba za Likoma ndi Chizumulu zimaonetsa moyo wosiyana kwambiri, wa malo amene nthaka ndi yochepa ndipo pafupifupi chilichonse chimadalira madzi. Zilumba ziwirizi zili panyanja ya Malawi ndipo zimapanga boma limodzi la dziko la Malawi, ngakhale kuti madzi ozizungulira ndi a Mozambique. Likoma ndi wa masikweya kilomita pafupifupi 18, Chizumulu pafupifupi 3, ndipo kalembera wa 2018 anapezako anthu opitirira 14,000. Kuchepa kumeneku ndiko kumalola mlendo kuzungulira magombe ake wapansi, ndipo woyenda motero amaona zimene wongokhala pamalo ogona alendo sangazione.

Wochokera ku Chadiza amadzera ku Chipata, nawoloka malire a Mwami ndi Mchinji, kenaka amapyola Lilongwe mpaka ku Nkhata Bay, kumene amakwera sitima ya pamadzi. Yodziwika kwambiri ndi Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, ndipo dzina lake ndi la dera la m'Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Pa Chizumulu sitimayi imaima patali ndi gombe, kotero kuti anthu, matumba a ufa, shuga ndi malata zimatsitsidwa pa maboti aang'ono, ndipo kuchuluka kwa katunduyo ndi umboni woyamba wakuti zilumbazi sizidzidyetsa zokha.

Njira za pa Likoma zimalumikiza midzi monga Makulawe kumpoto, Mbamba pamene pali msika, ndi Nkhwazi kumwera, ndipo zimadutsa pakati pa milambe ikuluikulu, mitengo ya mango ndi timinda ta chinangwa. Chifukwa nthaka yake ndi yamchenga ndi yamiyala, chimanga sichichita bwino, motero nsima ya ambiri ndi kondowole, ndiye kuti nsima ya ufa wa chinangwa choviika, pamene nkhuni zambiri zimabwera pa mabwato kuchokera kutsidya, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Pa dooko lililonse, pamene mabwato amakocheza, pamakhala thandala loyanikapo usipa, nsomba imene asodzi amaikopa usiku ndi nyali asanaizinge ndi khoka lotchedwa chilimira. Pamenepa mpamene woyenda amazindikira kuti gombe limene alendo amaliona ngati malo opumulirako ndi malo a ntchito, ochapira, osambira ndi ogulitsirana malonda.

Chifukwa chimene zilumbazi zili za Malawi chimaoneka poyera pa Chipyela, pamene pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo mmodzi mwa atsogoleri awo anali Chauncy Maples, amene anamira panyanjayi mu 1895. Kukhalapo kwawo ndiko kunachititsa kuti Britain ndi Portugal atagawana dera limeneli mu 1891, gombe lakummawa likhale la Apwitikizi koma zilumba zitsale m'manja mwa Angerezi. Tchalitchicho chinayamba kumangidwa mu 1903 pamalo amene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo sukulu za mishoni zinatulutsa aphunzitsi, ansembe ndi akalaliki amene anakagwira ntchito m'madera ambiri a kumtunda. Anthu a ku Chadiza, amenenso amakhala m'malire ndi Mozambique, sangadabwe kuona kuti mzere wa atsamunda sunathetse ubale, malonda ndi chinenero chimodzi pakati pa Likoma ndi Cobue, kutsidya ku Mozambique.

Chizumulu, chimene chili ndi mapiri awiri, chimazungulirika pa maola ochepa chabe, ndipo popeza malo athyathyathya ndi osowa, chinangwa chimalimidwa mpaka m'mapiri. M'miyala ya m'mphepete mwake mumakhala mbuna, tinsomba ta mawanga owala timene timaoneka bwino chifukwa madziwo ndi oyera.

Nyengo yabwino yoyendera ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene kunja kumazizira, koma ndi nthawi yomweyo pamene mwera, mphepo yochokera kumwera, umavundula nyanja ndi kuchedwetsa maboti, kotero kuti wapaulendo ayenera kukhala ndi masiku apadera. Ayeneranso kupewa kusamba m'madzi odikha a m'mabango chifukwa cha likodzo, matenda amene tizilombo take timakulira m'nkhono. Chofunika koposa ndi ulemu, pakuti njira zambiri zimadutsa m'mabwalo a eni ake ndi pafupi ndi madooko amene amayi amasambirapo. Woyenda amene amaodira, kupereka moni, kupempha asanajambule munthu, ndi kugula nsomba kapena zipatso kwa eni mudzi, ndiye amene ulendo wake umapindulitsa iye mwini pamodzi ndi anthu amene akudutsa pakhomo pawo.