Nyumba Yachifumu ya Chambord

Lero tiyeni tipite ku France, m'chigwa cha mtsinje wa Loire, kufupi ndi mzinda wa Blois. Kumeneko, pakati pa nkhalango, kuli nyumba yachifumu yotchedwa Chambord.

Amene anayamba kuimanga ndi Mfumu François I m'chaka cha 1519. Sikuti ankasoŵa pogona, pakuti nyumba anali nazo kale zambiri. Iye ankafuna pofikira popita kosaka nyama, ndiponso choonetsera ulemerero wake kwa mafumu anzake. N'chifukwa chake mu 1539, ntchito ili m'kati, analandirirako Mfumu Charles V, amene ankalimbirana naye ukulu ku Ulaya.

Nyumbayi ili ndi zipinda zoposa 400 ndi malo osonkhapo moto 282. M'ngondya mwake muli nsanja zobulungira ngati za linga la nkhondo, koma mazenera ake aakulu amasonyeza kuti sinamangidwe kuti itchinjirize adani. Chodabwitsa koposa ndi makwerero a pakati penipeni. Ndi aŵiri, opotana ngati chingwe, kotero kuti munthu wokwera ndi wotsika amaonana pa timazenera koma sakumana. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti nzeruyi inachokera kwa Leonardo da Vinci, mmisiri wa ku Italy amene mfumuyo inamuitanira ku France, ngakhale iye anamwalira mu 1519 momwemo.

Nanga mwini wake anaidyerera? Iyayi. Zipindazo zinali zozizira kwambiri, ndipo paulendo uliwonse mipando ndi chakudya zinkachita kunyamulidwa kuchokera kwina. Pamene ankamwalira mu 1547, masiku onse amene anagonamo sanakwane miyezi itatu, ndipo nyumbayo inali isanathe. Anadzaitsiriza ndi Louis XIV, amenenso mu 1670 anaonerera momwemo seŵero la Molière.

Boma la France linagula Chambord mu 1930, ndipo posakhalitsa ntchito yeniyeni inapezeka. Mu 1939, nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse ili pafupi kubuka, zithunzi zamtengo wapatali za ku Louvre, kuphatikizapo Mona Lisa, anazithaŵitsira kumeneko poopa mabomba. Mu 1981 bungwe la UNESCO linaika nyumbayi pa mndandanda wa chuma cha anthu onse.

Mlendo wa lero amakwera makwerero aja mpaka padenga, pamene machumuni ndi tinsanja zathithikana ngati kamzinda. Akayang'ana kudenga la zipinda zam'mwamba, amaona kanyama konga buluzi kosemedwa pamiyala, chizindikiro cha François I. Kunja kuli minda ya maluŵa ndi nkhalango ya agwape ndi nguluŵe, yozingidwa ndi khoma la makilomita 32.

Motero, omvera athu, nyumba imene inamangidwira kunyada kwa munthu mmodzi, lero aliyense wogula tikiti amaloŵamo.