Akamaliza sukulu ya osamva ku Mua, adzamulemba ntchito ndani?

Abale ndi alongo akunyanja, tikamapita ku Dedza ndi madengu a usipa kapena kukapikula kachewere, timakhota pa Golomoti n'kukwera msewu wa Khwekhwerere. Kumpoto pang'ono kwa Golomoti, m'tsinde mwa mapiri omwewo, m'dera la Mfumu Kachindamoto, kuli Mua. Ambiri timakudziwa chifukwa cha chipatala, koma kulinso sukulu ya ana osamva. Anawo amaphunzira kuwerenga, kulemba, masamu ndi chinenero chamanja. Funso lathu lero ndi lakuti: mwana wotere akakula n'kukwera phirilo kukafuna ntchito pa boma la Dedza, pa Bembeke kapena pa Linthipe, amulandira ndani?

Funsoli tisalikankhire boma ndi makampani okha. Ambiri mwa ife ndife olemba ntchito, ngakhale sitidzitchula choncho. Wagolosale, wachigayo, mwini maboti, telala, komiti ya mzikiti ndi ya madrasa, tonsefe tsiku lina timafuna munthu wotithandiza.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, anthu 10 ali ndi ulumali wina wake, ndipo achialubino adapezeka oposa 134,000. Ndiye kuti palibe mudzi umene nkhaniyi siukhudza. Ulumali wina ndi wobadwa nawo, wina umadza ndi matenda monga malungo aakulu, shuga ndi sitiroko, wina ndi ngozi za kabaza. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene malamulo akunena

Ndime 20 ya malamulo oyendetsera dziko lino imaletsa kusala munthu pa zifukwa zingapo, ndipo ulumali uli m'gulu limenelo. Lamulo la zantchito la mu 2000 limaletsanso tsankho polemba ntchito, pophunzitsa, pokweza ndi pochotsa munthu, komanso limafuna kuti ogwira ntchito yofanana alandire malipiro ofanana. Mu 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 kudabwera lamulo loona za ulumali, ndipo mu 2024 lidalowedwa m'malo ndi latsopano, limene lidakhazikitsa bungwe la MACODA pamalo pa MACOHA imene tidaizolowera.

Mfundo yaikulu m'malamulowa ndi iyi: sikokwanira kungonena kuti sitisala munthu. Wolemba ntchito ayenera kusintha zinthu zimene angathe kusintha popanda kugwetsa bizinesi yake, kuti wantchitoyo agwire ntchito mofanana ndi anzake. Lamulo silikakamiza kulemba munthu wosadziwa ntchito. Likuletsa kumutsekera chitseko tisanamuyese.

Pamene tsankho limabisala

Kawirikawiri palibe amene amanena poyera kuti sakufuna munthu waulumali. Tsankho limalowera m'kachitidwe kathu.

Choyamba ndi kulengeza. Ntchito ikalengezedwa pa chimkuzamawu pambuyo pa Jumu'ah kapena pa wailesi pokha, wosamva saidziwa. Ikamatidwa pakhoma pokha, wosaona saidziwa. Tichite zonse ziwiri, ndipo titumizenso uthenga wolemba pa foni kapena pa WhatsApp, poti mafoni ambiri a masiku ano amatha kumuwerengera mokweza munthu wosaona.

Chachiwiri ndi mafunso a ntchito. Tisanaitane munthu, tilembe zimene ntchitoyo ikufunadi. Wosunga mabuku a ndalama pa sitolo ya mbewu ndi feteleza afunika masamu ndi kukhulupirika, osati miyendo yothamanga. Wopala matabwa afunika maso ndi manja. Pomufunsa wosamva, timulole abwere ndi womasulira chinenero chamanja, kapena tilemberane papepala, ndipo tizilankhula moyang'ana iyeyo osati womuperekeza. Njira yabwino koposa ndi kumupatsa ntchito yoyesera: asoke malaya, apale thabwa, awerengetse katundu wa pashelefu. Ntchito yake imuchitire umboni.

Chachitatu ndi malo. Dedza ndi dera la zitunda, ndipo masitolo ambiri ali ndi masitepe pakhomo. Matumba ochepa a simenti amakwanira kukonza potsetsereka poti chikuku chikwere. Khomo la chimbudzi likhale lotakasuka, tebulo likhale lotsika bwino. Pa chigayo kapena pocheka matabwa, belu lochenjeza limuthandiza wakumva yekha. Tiikepo nyali yothwanima ndipo tigwirizane zizindikiro zamanja zoimitsira makina. Zimenezi zimapulumutsanso akumva, chifukwa paphokoso la injini tonse timasanduka osamva.

Kwa m'bale wachialubino, mdani wamkulu ndi dzuwa, limene limayambitsa khansa yapakhungu. Kuzizira kwa ku Dedza kusatinamize, dzuwa la kumapiri limawotchabe, ndipo la padoko kunyanja kuno timalidziwa tonse. Timupatse ntchito yapamthunzi, chipewa chachikulu, zolemba za zilembo zikuluzikulu, nthawi yokatenga mafuta apakhungu kuchipatala, komanso tionetsetse kuti saweruka yekha usiku.

Chachinayi ndi malipiro. Kumupatsa theka pomati "tikungomuthandiza" ndi kumudyera masuku pamutu. Ntchito yathunthu, malipiro athunthu, pa nthawi yake.

Umboni ulipo

Mu Okutobala 2021 anthu a ku Nkhotakota North East adasankha Overstone Kondowe kukhala phungu, woyamba wachialubino m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Mu 2013 Rachel Kachaje, amene adalumala miyendo ndi poliyo ali mwana, adasankhidwa kukhala nduna yoona za anthu aulumali ndi okalamba. Ku Bangwe mumzinda wa Blantyre, fakitale yoluka imene MACOHA idakhazikitsa yakhala zaka zambiri ikugulitsa katundu wolukidwa ndi anthu aulumali.

Kwa ife Asilamu chitsanzo ndi chakale kwambiri. Abdullah ibn Umm Maktum, Allah asangalale naye, adali wosaona, ndipo chiyambi cha Surah Abasa chidatsika pa nkhani yake. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, sadangomumvera chisoni. Adamupatsa udindo woitana adhana pamodzi ndi Bilal, ndipo kangapo konse pochoka adamusiyira Madina kuti azitsogolera anthu pa Swala. Umenewu udali udindo weniweni, wopatsidwa kwa munthu woutha. Kodi komiti zathu zikamafuna muadhini, mwalimu kapena mlembi, zimakumbukira zimenezi?

Gawo la banja

Nthawi zina chitseko choyamba chimatsekedwa kunyumba. Mwana wosamva amasiyidwa kuti aziweta mbuzi, wachikazi amabisidwa poopa kuti anthu amuchita chipongwe, wina amaikidwa pakhomo la mzikiti Lachisanu kuti azipempha. Mantha a makolo ndi omveka, koma makolo sakhala mpaka kalekale. Timutumize mwanayo kusukulu. Kupatula Mua, sukulu za osamva zilipo ku Maryview m'boma la Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Embangweni ku Mzimba ndi Bandawe ku Nkhata Bay. Akakula timutengere chiphaso chaunzika, tifunse za maphunziro a ntchito zamanja ku TEVETA ndi ku MACODA, imene ili ndi sukulu yotere ku Magomero. Ifenso tiphunzire chinenero chamanja. Bungwe la anthu osamva la MANAD limalimbikitsa chinenerochi, ndipo mu 2021 kudatuluka buku lotanthauzira zizindikiro zake.

Wina akakanidwa kapena kuchotsedwa ntchito chifukwa cha ulumali, asangokhala chete. Ayambe ku ofesi ya zantchito ya pa boma. Zikavuta pali bwalo la milandu ya zantchito komanso bungwe la Malawi Human Rights Commission. FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, nayo imatha kulozera njira.

Zakaat ndi sadaka zili ndi malo ake, ndipo tisazisiye. Koma thumba la ufa limatha mwezi usanathe, pamene ntchito imamupatsa munthu mphamvu yolipira mahari, kudyetsa ana ake, ndipo mwina chaka china iyenso n'kukhala wopereka Zakaat. Choncho pakapezeka mpata wa ntchito pa sitolo, pa chigayo kapena pa madrasa yathu, tisanaitane mphwathu monga mwa chizolowezi, tiyambe tafunsa kuti m'mudzi muno ndani amaidziwa ntchitoyi amene sitidamuyesepo. Allah atipatse kuthekera kochita chilungamo.