Nsomba Pansi, Letesi Pamwamba: Dimba Lopanda Dothi Kuseri kwa Nyumba

Kuseri kwa nyumba yathu kulibe malo olima. Pali simenti, chingwe choyanikapo zovala, ndi kampata ka mamita awiri pakati pa khitchini ndi mpanda. Kwa zaka zambiri masamba onse tinkagula kumsika. Mpiru ndi nkhwani sizinkatidetsa nkhawa chifukwa zimapsa pamoto, koma letesi amadyedwa wosaphika. Chichokereni mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, tinkati tikagula letesi funso n'kutsala mumtima: kodi anathiriridwa madzi a mumtsinje uti? Mapeto ake saladi anasowa patebulo pathu.

Lero pa kampata kaja pali thanki ya nsomba, ndipo pamwamba pake pamamera letesi wobiriwira pa miyala yokhayokha. Ulimi umenewu umatchedwa aquaponics. Sitinafike pamenepa mosavuta: nsomba zathu zoyamba zinafa, ndipo olakwa tinali ife. Tikufuna tikufotokozereni zonse kuti inu musadutse njira yomweyo.

Mmene zimayendera

Nsomba zikadya zimatulutsa amoniya kudzera m'makha ndi m'ndowe. Amoniya akachuluka m'madzi amapha nsomba. Koma pali mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timakhala pa miyala yonyowa. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala naitiraiti, amenenso ndi poizoni kwa nsomba, kenako gulu lina limasandutsa naitiraitiyo kukhala naitireti, amene ndi chakudya cha mbewu. Mizu ya letesi imayamwa naitireti, madzi n'kubwerera kwa nsomba ali oyera. Choncho mlimi amaweta zinthu zitatu: nsomba, masamba ndi mabakiteriya. Chachitatuchi, poti sichioneka, ndi chimene oyamba kumene amachiiwala.

Madzi ake ndi omwewo, amangozungulira. Timangowonjezera ochepa amene auma ndi dzuwa kapena amwedwa ndi mbewu. Bungwe la FAO, limene mu 2014 linatulutsa buku la ulimiwu kwa alimi ang'onoang'ono, limasonyeza kuti madzi ofunika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi amene dimba la m'dothi limamwa. Kwa amene amalipira bilu ya madzi mwezi ndi mwezi, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Zimene tinagwiritsa ntchito

Tinagula thanki yakale ya pulasitiki ya malita 1,000, ya mtundu uja wokhala mu khola la zitsulo. Funsani kaye kuti munali chiyani: ya mafuta ophikira kapena manyuchi ndi yabwino, koma imene munali mankhwala isiyeni ngakhale itatsika mtengo bwanji. Tinaidula cha kumtunda, chidutswa chakuya masentimita 30, n'kuchitembenuza kuti chikhale bedi. Chigawo cha pansi chinakhala nyumba ya nsomba. Kunja tinakuta ndi mphasa chifukwa dzuwa likamalowa m'madzi, ndere zimamera.

M'bedimo tinadzazamo miyala ya kwale ya kukula ngati nsonga ya chala chachikulu, yotsuka mpaka madzi kuyera. Musanagule, tengani miyala ingapo muithire viniga. Ikachita thovu ndiye kuti ndi ya laimu, ndipo idzasokoneza madzi anu. Pampu yaing'ono ya m'madzi imakweza madzi kupita m'bedi. Ikhale yotha kuzunguliza madzi onse a m'thanki kamodzi kapena kawiri pa ola. M'bedi tinaikamo kachipangizo ka mapaipi kotchedwa bell siphon, kamene kamalola madzi kudzaza kenako n'kuwatsitsa onse nthawi imodzi. Kudzaza ndi kuphwa kumeneku ndi kumene kumapatsa mizu mpweya. Tinatha masana awiri tikusintha mphamvu ya madzi kuti kagwire bwino ntchito, ndiye nanu musataye mtima kakavuta tsiku loyamba.

Pa nsomba, tinasankha makumba. Ndi nsomba ya kwathu konkuno, yopirira, ndiponso ana ake amapezeka kwa alimi a m'madamu. Chilunguni ndi chambo zimathekanso. Ena adzakuuzani kuti mlamba ndiwo suvuta, ndipo n'zoona kuti umapirira madzi oipa. Koma mlamba ulibe mamba, ndipo ife amene timatsata malangizo a zakudya a pa Levitiko 11 sitikanaweta nsomba yoti sitingaidye. Ofuna malangizo a mbewu yabwino angafunse kwa alangizi a za nsomba a m'boma lawo kapena ku National Aquaculture Centre ku Domasi, m'boma la Zomba.

Kuthamanga si kufika

Thanki itadzaza, mtima unatithawa. Tsiku lachiwiri lomwe tinaikamo tiana ta nsomba 40, ndipo ana athu ankapikisana kuzidyetsa. Patatha masiku khumi nsomba zinasiya kudya. Zinkaunjikana pamene madzi amagwera, kukamwa kuli yasa pamwamba. M'mawa wotsatira tinavuula zakufa zisanu ndi ziwiri, mawa lake khumi. Mwana wathu wamng'ono, amene anali atazipatsa kale mayina, anakana kudya nsima tsiku limenelo.

Vuto linali loti miyala yathu inali yatsopano, yopanda mabakiteriya okwanira. Iwowa amabwera okha, koma amafuna masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achuluke, ndipo nyengo yozizira amachedwerapo. Ife tinadzaza nyumba ndi alendo tisanakumbe chimbudzi.

Zotsalazo tinazipulumutsa posiya kudyetsa kwa masiku atatu ndi kusintha gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi tsiku lililonse. Kenako tinagula timabotolo toyezera madzi ku sitolo yogulitsa nsomba za m'nyumba. Tikanayamba ndi timeneti sitikanalira. Njira yabwino ndi iyi: yambani ndi nsomba zisanu kapena zisanu ndi zitatu, dyetsani pang'ono, ndipo muziyeza madzi masiku awiri alionse. Mudzaona amoniya akukwera kenako n'kutsika, naitiraiti n'kutsatira chimodzimodzi. Ziwirizi zikafika pafupi ndi ziro, naitireti n'kuyamba kuoneka, pamenepo ndiye wonjezerani nsomba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amapha mabakiteriya. Muziwasiya mu ndowa yosavundikira kwa tsiku limodzi kapena awiri musanathire m'thanki. Yezaninso pH: pakati pa 6 ndi 7 ndi pamene nsomba, mbewu ndi mabakiteriya zonse zimagwirizana. Madzi a pamjigo nthawi zambiri amakhala ndi pH yokwera, ndipo kusakaniza ndi a mvula kumathandiza. Pakapita miyezi pH imatsika yokha. Ife timamiza kathumba ka zikamba za mazira zosinja kuti ikwere pang'onopang'ono.

Letesi weniweniyo

Timafesa njere m'tizikho ta mchenga wosakaniza ndi manyowa owolerana. Pakatha masabata atatu, mbande zikakhala ndi masamba atatu kapena anayi, timatsuka mizu mosamala n'kuzizika m'miyala motalikirana masentimita 20 mpaka 25. Miyala ya pamwamba penipeni izikhala youma kuti tsinde lisaole. Bedi lathu limatenga mitu 20 ndi kupitirira pang'ono. Kuchokera pookera, masabata anayi kapena asanu amakwana kuti tiyambe kudya. Sitidzala zonse tsiku limodzi: mbande zisanu sabata iliyonse zimatipatsa letesi wosatha, komanso nsomba sizikhala tsiku lopanda mizu yoyeretsa madzi awo.

Sankhani letesi wa masamba omasuka, wobiriwira kwambiri kapena wofiirira, osati uja wokulunga mutu ngati kabichi. Amakula msanga, mumathyola masamba a m'mbali iye n'kumaphukabe, ndiponso ali ndi vitamini A, vitamini K ndi folate wochuluka kuposa woyererayo.

Chakudya cha nsomba ndiye feteleza wanu. Pa bedi la sikweya mita imodzi ya masamba, magalamu 40 mpaka 50 patsiku amakwana nsomba zikakula. Thanki yathu tsopano ili ndi nsomba 20. Timazipatsa chakudya choyandama kawiri patsiku, ndipo chotsala pakatha theka la ola timachiwola. Madeya tinayesa, koma amadetsa madzi ndi kutseka pampu.

Masamba atsopano akayamba chikasu mitsempha yake ili yobiriwira, ndiye kuti ayironi wachepa. Chakudya cha nsomba sichikhala ndi wokwanira, choncho pamafunika kuthira pang'ono chelated iron wa ku sitolo ya zaulimi. Nsabwe za m'masamba zikabwera, zitsukeni ndi madzi kapena chotsani tsambalo. Musapopere mankhwala alionse, ngakhale achikuda. Ombwe, amene alimi ambiri amapopera m'dimba, ndi yemwe uja ena amaphera nsomba m'mitsinje. Madzi a fodya nawonso ndi poizoni.

Nyengo ndi magetsi

Letesi ndi makumba sakonda nyengo imodzi. Letesi amasangalala pakati pa madigiri 15 ndi 22, pamene makumba amadya bwino madzi akafunda kupitirira 25. Mu June ndi July letesi amakongola koma nsomba zimangoti duu pansi. Chepetsani chakudya, ndipo usiku fundikani thanki. Mu October ndi November nsomba zimadya ngati dzombe, koma letesi amathamangira kutulutsa maluwa n'kuyamba kuwawa. Miyezi imeneyo timatchinga ndi neti ya mthunzi, ndipo theka la bedi timadzala bonongwe ndi mpiru.

Magetsi akazima, madzi amaima ndipo mpweya umatha. Usiku wina wotentha tinakhala maso tikutunga madzi ndi ndowa n'kumawathira kuchokera m'mwamba, mosinthana, mpaka mbandakucha. Sabata yomweyo tinagula kapampu ka mpweya koyendera batire ya sola. Amene akuyamba, aike kameneka pa bajeti yoyamba. Magetsi akazima musadyetse nsomba.

Ukhondo ndi chitetezo

Kulima nokha sikuchotsa udindo wotsuka. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira madzi a nsomba, musalole madziwo kugwera pa masamba, ndipo letesi mutsukeni ndi madzi abwino akumwa musanadye. Zitosi za nkhuku zisayandikire thanki. Udzudzu suswana m'madzi oyenda, ndipo mphutsi zake nsomba zimadya, koma ndowa zosungira madzi zisakhalitse. Koposa zonse, ikani chivundikiro cholimba cha waya pa thanki. Madzi akuya theka la mita ndi okwanira kumiza mwana wokwawa.

Kodi n'zopindulitsa?

Tinene zoona: letesi wathu woyamba anali wodula kuposa aliyense amene tinagulapo. Thanki, pampu, mapaipi ndi chakudya zimafuna ndalama, ndipo amene ali ndi dimba labwino ndi madzi okwanira sangafunikire zonsezi. Koma kwa ife a pa lendi, a pa simenti, kampata kaja tsopano kamatipatsa mbale ya masamba kanayi pa sabata, ndipo timadziwa madzi amene anawathirira. Patatha miyezi isanu ndi itatu tinakazinga makumba athu oyamba.

Ntchito yake ndi mphindi khumi m'mawa: kuona ngati pampu ikuyenda, kudyetsa, ndi kuyang'ana mmene nsomba zikudyera. Ntchito imeneyi anailanda ndi mwana uja anakana nsima. Iye ndiye amasunga kope la zoyeza madzi, ndipo mlendo aliyense wofuna kuyamba amamuuza chinthu chimodzi asanamuonetse letesi: "Muyambe ndi nsomba zisanu zokha."