Pulasitiki yomwe imawala

Waya wa magetsi amaukutira ndi pulasitiki cifukwa magetsi sadutsamo. Koma mudziwe kuti ilipo pulasitiki ina yomwe magetsi amadutsamo, mpaka kufika powala. Mu 1989 ku Cambridge, ku England, gulu la Richard Friend linadutsitsa magetsi m'pulasitiki yopyapyala, dzina lake PPV, ndipo inawala mobiriwira mopita ku cikasu.

Cinsinsi cake ndi kamangidwe. Pulasitiki ndi maunyolo aatali a maatomu a kaboni. Mu PPV zomangira maatomuwo zimasinthana: cimodzi, ziwiri, cimodzi, ziwiri. Kusinthanaku kumatsegulira maelekitironi njira yoyendamo. Elekitironi ikalandira mphamvu n'kubwerera pamalo pake, mphamvuyo imatuluka ngati kuwala.

Nanga mtundu wa kuwalako? Ganizani za kalimba: kacitsulo kakatali kamalira besi, kakafupi kamalira mokwera. Apanso n'cimodzimodzi. Njira ikatalika, kuwala kumapendekera kofiira; ikafupika, kumapita ku buluu. Unyolo ukapotoka pakati, njirayo yaduka, ngakhale unyolowo utalike bwanji. Apa m'pamene ine ndimapakonda: maatomu omwewo, kungopinda basi, mtundu wasintha.

Ma liquid crystal, omwe Friedrich Reinitzer anawatulukira mu 1888, ndi zamadzimadzi zokhala ndi mamolekyu onga timitengo, tofola mbali imodzi. Manambala akuda a pa kakyuleta yanu ndi nchito yawo. Pamenepo sawala okha ayi: magetsi amawatembenuza, iwo n'kutseka kuwala kocokera panja kapena kukulola kudutsa.